Zikhomo Zofiira Pabwalo Pathu

Upolu, Samoa
9 Okutobala

Okondedwa achimwene a Lafaele,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Brisbane. Ife kuno tikudzuka, koma ine mtima suli m'malo, ndipo nkhaniyi sindikanainena pa foni amayi ali pambali panga.

Mwezi watha kunabwera anthu oyeza msewu. Anakhoma zikhomo zofiira pabwalo pathu, china pambali penipeni pa manda a bambo, kutsogolo kwa nyumba paja amayi amakonda kukhala akamaluka mkeka. Nditafunsa, anangoti, "Boma linalengeza kale, mayi." Linalengezera kuti, abale? Amayi ndinawanamiza kuti ndi za mapaipi a madzi.

Ndinakwera basi kupita ku laibulale ku Apia. Musaseke, achimwene, inde ine ndemwe ndinkathawa sukulu uja. Ndinangozungulirazungulira m'mashelefu mpaka mayi wina wogwira ntchito mmenemo, a Fuatino, anandikodola.

"Mwanawe, ukufuna buku kapena wathawa dzuwa?"

Ndinachita manyazi, koma ndinawafotokozera. Iwo anati, "Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, khala apa." Anandikhazika pa kompyuta, koma kundifufuzira anakana. "Gwira wekha. Mawa ine ndikadwala udzatani?" Ndinaphunzira pomwe boma limaika zidziwitso zake, kulemba dzina la mudzi wathu, ndi kutsegula mapu. Ndinabwererako mpaka ndinazolowera, ndipo tsopano ndimazipeza ndekha.

Achimwene, ndinapaona pathu. Mzere wa msewu watsopano wadutsa pamwamba pa bambo. 

A Fuatino anandithandiza kuwerenga pang'onopang'ono mawu ovuta aja. Akuti banja lingathe kudandaula mwezi uno usanathe, ndipo mzerewo nthawi zina amausuntha. Koma poti malowa ndi a makolo, woyankhulira banja ndi matai, mfumu ya banjalo. Ndinafunsa kuti, "Nanga ine amene ndimasesa mandawo m'mawa uliwonse?" Anandiyang'ana mwachifundo nati, "Apa sanalembepo za wosesa, mwanawe."

Matai wathu ndinu. Ufumu wa banja munaulandira ndinu, tsiku lija tinapha nkhumba n'kupereka mikeka imene amayi analuka mpaka maso kuwawa. Kenako munakwera ndege. Sindikukunenani, ndikudziwa kuti malata tagonamowa munagula ndinu, komanso kuti bwana wanu sapereka tchuti wamba. Koma ndikuopa, achimwene. Galimoto yaikulu ikangodutsa, ndimathamangira panja kukaona ngati abwera ndi makasu. Chonde bwerani, madzi akatayika sawoleka. Zonse zofunika ndasindikiza, ndazibisa pansi pa zovala za kutchalitchi.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana. Azakhali a Tautala akuti musaiwale mafuta awo a mawondo.

Amayi akukupatsani moni wambiri. Akusangalala kuti madzi afika pakhomo, ndipo akuti boma lino ndi la chifundo. Dzulo anapenta manda a bambo, kenako anandigwira mkono n'kundionetsa pomwe akufuna tidzawagoneke iwo, pambali pa amuna awo. Anati, "Taona, Sieni, anyamata aja anandiikira kale chizindikiro." Anali atagwira chikhomo chofiira chija, akumwetulira. Ine ndinangoti inde amayi.

Ndine mlongo wanu,
Sieni