Sindiyatsa Makina a ku Al Twar

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Ndikhulupirira kulibe chisanu, chifukwa chikanakhalako bwenzi mutawatopetsa kale angelo ndi mawu anu aja akuti, "Tseka chitseko, unabadwira pamsewu kodi?" Kuno ku Dubai tili m'Januwale, nyengo imene eni dziko amati ndi yozizira. Mukanaseka kuona anthu akuluakulu atavala majekete pa kamphepo komwe ife ku Bembeke tinkapita nako kudimba ndi malaya okha.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Mlongo wanga Enelesi anabereka mwana wamkazi ndipo anamutcha dzina lanu. Ndamuona pa foni pokha, koma kukwinya nkhope kwake ndi kwanu ndithu. Kachewere wa kudimba lanu anachita bwino, kupatula mizere ya kumunsi yomwe inagwidwa chiwawu. Mbuzi yamathotho ija inabedwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense akumudziwa wakubayo koma palibe akumutchula. Mpongozi wanu ali bwino ku Lilongwe, mdzukulu wanu Tadala wayamba Fomu 1 ndipo nsapato zanga zikumukwana. Amalume okha ndiwo sanasinthe. Akulimbikirabe kuti imfa yanu inali ya anthu, ndipo sayankhulana ndi azakhali mpaka pano. Ndinawauza pamaliro, ndawauzanso pa foni, kuti inu munaphedwa ndi mbaula, si azakhali. Akuti Dubai wandichititsa mwano.

Tsopano ndikuuzeni yanga, ndipo mukhale pansi. Ntchito yandithera.

Mukudziwa kuti ndimakonza ndi kutsuka maeyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja munkawatcha mafiriji a anthu. Sabata yatha anatitumiza ku nyumba ina yaikulu ku Al Twar. Makina ake ali padenga, chibokosi chachitsulo chachikale, chamtundu womwe kuno sichionekaoneka: nthawi yotentha chimaziziritsa, nthawi yozizira chimayaka moto wa gasi mkati n'kumatumiza mpweya wofunda m'zipinda. M'nyumbamo muli mayi wachikulire, wodwala miyendo, yemwe chisanu amadana nacho ngati inu. Mwana wake ndiye anaitana kampani yathu kuti titsuke makinawo ndi kuyatsa mbali ya moto.

Ndinagwira ntchito yanga monga mwa masiku onse. Ndinathimitsa magetsi, n'kutulutsa masefa omwe anali atatsekeka ndi mchenga, moti ndinachita kuwagubuduza ndisanawatsuke. Timalata tozizira tija ndinatipopera madzi pang'onopang'ono kuti tisapindike, ndinatsegula kapaipi kotayira madzi komwe munali ndere, ndinapukuta mapiko a fani ndi kumangitsa lamba. Nkhunda zinali zitamanga chisa pakamwa pa chumuni, ndinazisamutsa popanda kupepesa. Munkati ndikasesa ndimasiya zinyalala m'makona. Bwerani mudzaone makona anga tsopano.

Nditafika ku mbali ya moto, mtima unayamba kukana. Lawi la gasi likakhala bwino limakhala labuluu ndipo limaima chilili. Ili linali lachikasu, ndipo fani itangoyamba kuzungulira linayamba kuvina. Ndinathimitsa, ndinaunika ndi tochi mkati mwa chitsulo chomwe motowo umadutsamo, ndipo ndinaona mng'alu, wopyapyala ngati tsitsi koma wautali. Chitsulo chimenecho ntchito yake ndi kulekanitsa mpweya wa moto ndi mpweya womwe anthu amapuma. Chikang'aluka, ziwirizi zimasakanikirana n'kutsikira limodzi m'nyumba. Ndinayatsanso pang'ono n'kutsika ndi kachida kathu koyezera mpweya. Kanalira kwambiri m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, kopanda zenera, komwe paipi imayambira kutulutsa mpweya.

M'kachipinda kameneko mumagona Esinati, mtsikana wa ku Ntcheu amene amasamalira mayi wachikulireyo. Tinadziwana tsiku lomwelo, atandimva ndikutukwana nkhunda m'Chichewa.

Ndinakweranso padenga, ndinatseka mpopi wa gasi, n'kumasula chogwirira chake ndi sipanala kuti wina asautsegule mwangozi. Kenako ndinamuimbira kapitawo wathu, Imurani. Si munthu woipa, amayi, wandidyetsapo mpunga wake kangapo. Koma kampani inali itawauza eni nyumba chaka chatha kuti makinawo ali bwino, ndipo chitsulo chamtundu umenewo kuno sichipezeka msanga. Anabwera, ananunkhiza m'kachipindamo, anayang'ana kudenga, n'kunena kuti palibe fungo, palibenso utsi. Anati tiyatse kwa milungu yochepa yokha, chisanu chikangotha tidzakonza. "Yalla, habibi, tiye mnzanga, tsegula tizipita," anatero.

Amayi, mawu akuti palibe utsi aja anandibaya. Ndi mawu anu enieni. Madzulo alionse a m'Juni munkayatsa mbaula panja, n'kuisiya mpaka makala afiire, kenako n'kundiitana: "Utsi watha, lowetsa." Tonse tinakula tikudziwa kuti choopsa ndi utsi, ndipo ukatha makala ndi abwino. Munkatseka chitseko, n'kutsekanso kunsi kwake ndi chiguduli kuti mphepo isapeze polowera. Zaka zonsezo tinkapulumuka chifukwa denga linali laudzu ndipo linkapuma. Nyumba yatsopano ija yamalata, yasiling'i ndi mawindo agalasi, ndi imene inakusungirani mpweyawo mpaka m'mawa, pamene Enelesi anakupezani mutafunda bwinobwino, mbaula itazima pambali panu. Mpweya wakupha uja suoneka ndipo sununkha. Ndinali nditaphunzira zimenezi pa ntchito ino, ndinakuuzani pa foni, inu n'kuseka kuti mwana wa dzulo akuphunzitsa amake kuotha moto. Ndimakukondani, koma pa chimenechi ndinakwiya nanu ndipo mkwiyowo sunathe.

Ndinamuuza Imurani kuti sinditsegula. Anandikumbutsa kuti viza yanga ili m'manja mwa kampani, ngati kuti ndingaiwale. Esinati naye anandikokera pambali, maso ali pansi. "Achimwene, ingoyatsani, musataye ntchito chifukwa cha ine. Ndizisiyako chitseko pang'ono." Ndinamufunsa kuti ndi Mmalawi uti anasiyapo chitseko chotsegula kukuzizira. Anangoseka.

Chomwe chinandivuta kwambiri ndi mayi wachikulire uja. Anali pampando wake wamatayala m'chipinda chochezera, atadzikulunga shawelo mpaka m'makutu, akundiyang'ana ngati munthu amene wamulanda chakudya pakamwa. Chinenero chake sindichimva, koma madandaulo a munthu wozizidwa ndimawadziwa bwino. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinaona inuyo mwa iye. Komabe sindinatsegule.

Mwana wake atafika kuchokera kuntchito, Imurani anayamba kufotokoza kuti pali kavuto kakang'ono. Ine ndinamudula pakamwa, chinthu chomwe wantchito sachita kuno. Ndinatulutsa chogwirira chija m'thumba la ovolosi, n'kuchiika m'dzanja la bamboyo. Ndinamuuza za mng'alu, za kachipinda ka Esinati, ndi za inu. Ndinati, "Mayi anga anagona ndi moto wopanda utsi ndipo sanadzuke. Chitsulochi ndi chanu, mukafuna pezani wina akutsegulireni, koma osati ine." Anachiyang'ana, kenako anati shukran, zikomo yakunoko, n'kulowa m'nyumba. Kaya anali wothokozadi kaya wokwiya, nkhope yake sinandiuze.

Tinakwera galimoto n'kubwerera ku Al Qusais. Dzulo anandiitana ku ofesi. Akuti ndinachititsa manyazi kampani pamaso pa kasitomala, ndinalumpha kapitawo, ndiye khalas, zathera pomwepo, ndibweze zida ndi yunifolomu. Anandipatsa mpata woti ndikapepese ndi kunena kuti mwina ndinaona molakwa. Ndinawauza kuti maso anga ali bwino, ndipo ndinavula ovolosi yawo pomwepo, mwamwayi ndinali nditavala kabudula mkati.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Ndili ndi kanthawi kochepa koti ndipeze kampani ina, apo ayi ndikwera ndege. Mpongozi wanu nditamuuza anangondifunsa ngati ndadya. Anzanga ogona nawo chipinda chimodzi akuti ndine wouma mutu, ndipo mnzanga wa ku Chipata akuti dziko la eni sulimbana nalo. Ine ndikuti kuuma mutuko ndinayamwira, akafunse ku Bembeke. Esinati wanditumizira uthenga m'mawa uno kuti makinawo sanayatsidwe, ndipo mayi uja akuotha kahita kamagetsi uku akung'ung'udza. Za mawa sindikudziwa. Ndamugulira kabelu kolira kakamva mpweya woipa, ndikamupatsira pageti Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi.

Ndikudziwa zomwe mukunena kumeneko, kuti munthu wa ana sataya ntchito chifukwa cha mng'alu. Nenani, amayi, ndazolowera kukalipiridwa ndi inu. Koma mvetserani lonjezo langa. Kaya ndibwera ndi ndege ya tchuthi kaya ya wochotsedwa ntchito, ndisanapite n'komwe kukaona chiliza chanu ndidzayamba ndafika kwa Enelesi ndi hamala ndi tchizulo. Ndidzaboola khoma la chipinda chomwe amagona mwana wa dzina lanu, ndidzaikamo njerwa zamabowo, ndipo chiguduli cha kunsi kwa chitseko ndidzachitentha ndekha pabwalo amalume akuona. Mbaula idzagona panja, utsi uthe usathe.

Ndakusowani kwambiri, ndipo ndimakukondani monga kale. Koma chitseko chija, amayi, ulendo uno sinditseka.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Yotamu