Mbaula Yakuda ya Amama

Lolemba, 7 Okutobala

Kutentha koopsa. Malaiti kulibe kuyambira dzulo, akuti madzi ku damu la Kariba achepa. Malasha akwera mtengo, ndiye mbaula zatsopano za kampani yathu anthu akuchita kuzilimbirana. Zimadya malasha ochepa, utsi pang'ono. Mu Nangongwe muno wogawa ndine, khomo ndi khomo, ulere.

Amama anandifunsa: "Towela, kampani yako ipindula chani kupatsa anthu vinthu mahala?" Ndinawauza zimene anatiphunzitsa. Utsi umene sitinatulutse kuno, kampani imaugulitsa kwa mafakitale akunja amene amatulutsa wambiri. Anaseka mpaka kutsokomola. "Kugulitsa utsi umene kulibe?" Kunena zoona, nanenso sindimvetsa bwino. Amauyeza ndi chiyani? Wogulayo amalandira chiyani m'manja? Ndikufuna ndidziwe.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ba Fines, bwana wathu, anandiitana. Lachisanu kukubwera munthu wa ku Lusaka kudzaona ngati mbaula zikuphikiridwadi. Ngati ayi, utsi wogulitsa palibe, Nangongwe aichotsa pamndandanda wa kampani, ine ntchito yatha. Ananena akumwa madzi, ngati nkhani ya mpira.

Mantha ndilibe. Azimayi amene ndinawapatsa mbaula amaphikirapo tsiku ndi tsiku. Ndazungulira nyumba zonse kuwauza kuti kukubwera alendo, akonzeke. Miyendo kuwawa.

Lachisanu, 11 Okutobala

Mayo ine! Ndadzipha ndekha.

Mlendoyo ndi ba Lastone, foni yojambulira m'manja. Nyumba yoyamba, kwa ba Ireen: mbaula mbee, ngati yangotuluka m'katoni. Yachiwiri chimodzimodzi. Ina aiika patebulo, kansalu koluka pamwamba. Ine ndinati alendo, iwo anachita zimene munthu amachitira alendo. Kukwecha ndi mchenga, kupukuta, ena mpaka kupaka mafuta. Yathu ndiye yoposa zonse, amama analawirira nayo m'mamawa.

Ba Lastone anapisa chala mkati, chala choyera. "Izi sizinaonepo moto." Ndinalumbira. Azimayi analumbira. Iwo akuti kunja sakhulupirira zapakamwa, amafuna chithunzi cha mwaye ndi phulusa.

Koma anthu awa! Uve ndiye umboni? Ndakwiya, komanso kuseka kukundibwera.

Lamlungu, 13 Okutobala

Ba Fines akuti mwayi watsala umodzi. Ba Lastone adzabweranso osanena tsiku, ndipo adzayambira pakhomo pathu, poti wogawa ndine.

Potuluka m'tchalitchi ndapempha azimayi aleke kukwecha. Ba Ireen avomera, ena kungondiyang'ana. Ovuta ndi amama. "Zaka zonsezi palibe anaonapo chiwiya changa chakuda. Atate ako akugwira ntchito ku njanji, akazi a m'komboni ankabwera kudzaonera mapoto anga. Lelo ndikhale mkazi wauve chifukwa cha utsi wa azungu?"

Ndinawayankha mokweza kuti ukhondo sudyedwa. Zinandipulumuka. 

Lachinayi, 17 Okutobala

Mbaula yathu yayamba kuda.  Amama akatha kuphika amaikankhira kuseri kwa chitseko, koma manja amawayabwa, ndikuwaona. Amake Jason, oyandikana nafe, atabwera kudzapempha mchere, amama anaima pakhomo osawalowetsa. Chiyambire sanachitepo zotere.

Ndinafunsa ba Fines ngati ogula utsiwo amadziwa kuti kuno kumaphikidwa bwanji, amaphika ndani. Akuti amadziwa manambala. Nanga iwo kwawo mapoto satsuka?

Lachiwiri, 22 Okutobala

Abwera. Masana, amama ali m'chitenje chakale, ndiwo zili pamoto. Mbaula bii, phulusa mbwee. Ba Lastone kukondwa kwake! "Eya, iyi ndiye mbaula!" Anagwada, kujambula uku ndi uku, kenako anapempha amama kuti aime pambali pake. Anaima. Foniyo sanaiyang'ane. Amake Jason ali pampanda, kuonerera zonse.

Nyumba zinanso zayenda bwino. Ntchito ndili nayo. Ba Fines atumiza uthenga woyamikira, koma mtima sukusangalala ayi.

Madzulo amama sanadye. Ndikuchotsa mbale, anafunsa nkhope ili kumbali: "Chithunzi chija, kunjako achiona anthu angati?"

Ndikudziwa kuti amaziika pa intaneti, aliyense amaona. Ndinati ochepa.