Zotsatira za magazi athu ku Parklands

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Zombako. Ife kuno ku Nairobi tilipo, koma mwana wathu Tadala miyendo ikunka nifookerabe, ndipo tsopano akulephera kugwira supuni yekha.

Lachiwiri tinapita naye kuchipatala ku Parklands. Madokotala akufuna kumuyesa mankhwala atsopano okonza majini, tizinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo. Mankhwalawo akadali pa kafukufuku, ndiye sanatilonjeze kuti achira. Asanamulembe pa kafukufukuyo, anali atatiyeza magazi ine ndi mayi ake.

Dokotala atabwera ndi zotsatira, ndinafulumira kufunsa kuti, "Zachokera kwa mayi akewa, eti?"

Iye anati, "Ayi bambo. Matendawa amagwira mwana pokhapokha makolo onse awiri akakhala ndi vutolo m'magazi. Inunso muli nalo."

Achemwali, ndinasowa poyang'ana. Mukukumbukira zija ndinalankhula pa Khirisimasi pamaso pa apongozi anga, zoti mtundu wawo ndi umene watibweretsera matenda m'banja. Zaka zitatu ndakhala ndikumunena mkazi wanga. Kuchipatalako iye anangosaina fomu yovomereza kuti mwana alandire mankhwalawo n'kundipatsira cholembera. M'minibasi, imene kuno amati matatu, pobwerera kunyumba ku Embakasi ndinalephera ngakhale kumuyang'ana kumaso.

Chonde mupite kwa apongozi mukawauze kuti ndinawalakwira, ndipo ndikabwera ndidzapita kukagwada ndekha. Inunso mukayezetse, poti magazi athu ndi amodzi. Tadala alandira mankhwalawo mwezi wamawa, muzimukumbukira m'mapemphero.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Limbani