Zimene Tamba Ananena pa Mtondo

Freetown

Okondedwa achemwali a Kumba,

Landirani moni wochokera kuno kwanu. Muli bwanji inu ndi alamu a Sahr? Ana akukula bwanji? Nanga bondo lija limakuvutani kukazizira, lakhala bwanji chaka chino? Ine thupi lili bwino. Mvula ikutha tsopano, ngakhale yasiya msewu wokwera kwathu kuphiri uli maenje okhaokha.

Uthenga wanu wandipeza. Azakhali a Finda anachita kukwera basi kuchokera ku Koidu kudzandiuza pamaso kuti mwalamula ndisiye sewero langa, chifukwa ndavula banja pagulu. Ngakhale madzi anakana kumwa. Sindikulemba kuti ndikangane nanu, inu ndiye amayi athu tsopano. Koma mwangoona kachidutswa kamene wina anajambula pa foni, ndiye ndiloleni ndikuuzeni kumene zachokera.

Mukudziwa kuti ndakulira m'gulu la zisudzo la a Pa Renner, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kulemba. Masewero awo amayenda njira imodzi. Pakhale mwamuna chidakwa, mkazi wolongolola ndi apongozi olowerera, anthu aseke mpaka nthiti kuwawa, kenako wina aime kutsogolo anene phunziro, ng'oma ilire, tonse tivine. Njira imeneyo ndinaidziwa mpaka ndinkatha kulemba ndili m'minibasi. Anthu akamatuluka m'holo ankati a Pa sakukalamba, osadziwa kuti zaka zapitazi wolemba ndi ine. Poyamba ndinkanyadira. Kenako zinayamba kundidya mumtima. Ndinalibe sewero ngakhale limodzi loti munthu angalimve n'kunena kuti awa ndi mawu a Yei.

Achimwene a Tamba atadwala chiwindi ndinapita ku Koidu kukawasamalira. Inu munachoka kale, simunaone mmene munthu wopanda manja amakalambira. Supuni ndinkawagwirira ine, kuwasambitsa ine, kuwaingitsira ntchentche ine. Masana akagona ndinkakhala pakhonde n'kumalemba za iwo.

Ndinalemba monga ndinazolowerera. Ndinaika munthu woduka manja, wofatsa, wokonda kupemphera, woti pamapeto aime kutsogolo n'kukhululukira dziko lonse, nyimbo n'kuyamba. Nditawawerengera anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa kuti abusa amenewa ndawatola kuti. Anati chidukireni manja sanayankhulepo mawu ataliatali choncho. Zimene amanena tsiku lonse n'zoti ndiwakande pamsana, zoti chigwada chachepa mchere, ndi zoti ndili ndi manja awiri athunthu koma supuni ndimaigwira ngati nkhanu.

Ndinakwiya, ndinakhala masiku osalemba. Kenako ndinayamba kungowamvetsera. Achimwene sankamaliza nkhani. Ankayamba za nkhondo n'kukhotera ku mpira. Mnzawo wa ku migodi akabwera kudzawazonda, ankamuuza kuti awapatse moni wa dzanja, n'kumamuyang'ana akusowa pogwira. Liwu loti zigawenga sankalitchula. Ndiye ndinalemba zimenezo basi. Chipinda chimodzi, munthu wodwala ndi mlongo wake, mbale ya mpunga, ndi nthawi zazitali zoti palibe akuyankhula. Nyimbo ndinachotsa, phunziro ndinachotsa. Kanali koyamba kumva kuti zili papepalazo sindinabwereke kwa munthu.

Nditawawerengeranso sanaseke. Anati tsopano ndi iwodi, koma m'chipindamo mukusowa munthu. Anafunsa kuti mwana uja ali kuti.

Achemwali, tonse tikudziwa, ngakhale sitinakambepo. Zigawenga zitamugwira mlongo wathu Komba ali mwana wa pulayimale, zinabwera naye pakhomo pathu n'kumupatsa chikwanje. Inu munali mutathawira kale ku Guinea, ine ndinali m'tchire ndi amayi. Tinangomva kwa anthu kuti amene anadula manja a Tamba pa mtondo wa amayi ndi mng'ono wake yemwe. Kuyambira pamenepo m'banja mwathu nkhani imeneyi timaizungulira.

Koma zimene anandiuza tsiku limenelo sindinazimvepo kwa wina aliyense. Anati Komba anakana, chikwanje chinagwa pansi, ndipo mkulu wa zigawengazo anamuika mfuti m'khutu. Ndiye iwo anagwada, anaika okha mkono pa mtondo, n'kumuuza kuti: "Tola, Komba. Dula msanga, usayang'ane nkhope yanga. Ukachedwa amayi aika maliro awiri."

Anati mwanayo anali atamwetsedwa mankhwala, maso ali psuu, ndipo sakudziwa ngati anamva n'komwe. Nkhondo itatha anayesa kumuuza, koma Komba akangowaona ankatuluka m'nyumba. Mutamutengera kwanuko ku Philadelphia, akamva mawu awo pa foni ankadula. Iwonso sanabise kuti masiku ena ankamutukwana, makamaka akafuna kupita kuchimbudzi pakhomo palibe wowathandiza. Anandiuza kuti ndiike zonse, zotukwanazo ndi za pa mtondozo, ndisawakometse. Anati mwina mwanayo angamve zikachokera pakamwa pa munthu wachilendo wa pa siteji.

Anamwalira mvula ili pakati. Zamaliro mukuzidziwa, munaimba foni tili kumanda. Komba pa foniyo sanabwerepo.

Nditabwerera ku Freetown ndinawapatsa a Pa Renner seweroli. Analiwerenga ataimirira. Anati iwo atha moyo wawo akuphunzitsa mzinda uno kusekanso, ndiye ine ndikufuna kubweretsa mtondo pa siteji yawo. Paja mwana wawo wamkazi anatengedwa nthawi ya nkhondo ndipo sanapezeke mpaka lero, ndiye sindinawayankhe mwamwano. Ndinangowapempha kuti adzaone tikuyeserera kamodzi kokha. Anandibwezera mapepala n'kunena mofatsa kuti: "Mwana wanga, ili ndi lako ndithu, mawu anga mulibemo. Litenge uzipita nalo." Makiyi a holo ndinasiya patebulo. Masiku ano tikakumana panjira amandilonjera ngati mlendo.

Anzanga atatu anatuluka nane. Tinalionetsa m'holo ya sukulu ina Loweruka masana. Anthu anabwera akuyembekezera kuseka, ndipo poyamba anasekadi, pamene wodwala uja akunyoza mlongo wake. Mtondo utalowa, m'holo munazizira. Ena anatuluka akukoka ana awo. Mayi wina anaimirira n'kundikalipira kuti ndine mfiti yofukula manda. Pamapeto palibe anaomba m'manja.

Bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto anatsala pa benchi mpaka tinamaliza kusesa. Dzina sanandiuze. Anangofunsa ngati mkulu wa mwana uja ananenadi mawu a pa mtondo aja kapena ndangopeka. Nditati ananena, anagwedeza mutu n'kutuluka. Loweruka lotsatira anabwera ndi anzake, onse a msinkhu wa Komba. Anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, ndipo palibe anayang'ana mnzake.

Mayina ndinasintha, mudzi ndinasintha, koma a kwathu anazindikira. Azakhali ati pa sadaka ya achimwene ndisakapondeko phazi. Ati ndadyera pa bala la m'bale wanga kuti nditchuke. Kutchuka kwake kuti, pamene theka la holo limatuluka sewero lisanathe?

Zonsezo ndingazipirire. Chimene chandisowetsa mtendere ndi chimene azakhaliwo ananena ali pakhomo akutuluka, kuti Komba chionereni kachidutswa kaja wadzitsekera m'chipinda chake chapansi pa nyumba yanu, kuntchito sakupita, chakudya mukumusiyira pakhomo ndipo chimabwerera chosakhudzidwa.

Ndakafunafuna kachidutswako ndipo ndakaona. Wojambulayo anali kutali, mawu sakumveka. M'menemo mukungooneka mwana, chikwanje ndi mtondo. Ndiye Komba waona dzanja lake likukwera m'mwamba pamaso pa anthu, koma chimene achimwene anamutumizira sichinafike.  Ndinafuna kwa zaka zambiri kuti ndipeze mawu angaanga, ndipo ndawapeza, koma oyamba kupwetekedwa nawo ndi mwana wa amayi anga. Sindikudziwa ngati ndachita bwino, achemwali.

Foni yanga sayankha, ndiye pempho langa lili kwa inu. Tsikirani kuchipindako nokha. Musatume alamu, musatume abusa. Ngati satsegula, khalani pansi pakhomopo, munene mawu a Tamba monga ndawalembera m'kalatayi, osachotsa ndi osawonjezera. Mumuuze kuti mkono achimwene anauika okha. Ndikudziwa kuti kwa inunso n'zolemera kuzitulutsa pakamwa, koma mawu anu okha ndi amene mwanayo sanawathawepo.

Akamva, mumufunse za seweroli. A Pa Renner analikana, azakhali alikana, inunso mwalikana, ndipo ine ndapitirizabe. Koma Komba akati ndisiye, ndisiya tsiku lomwelo, ngakhale ndi lokhali limene ndingalitche langa. Loweruka likubwerali sitionetsa. Anzanga ndawauza kuti tikudikira yankho la munthu mmodzi.

Mulungu akusungeni inu ndi nyumba yanu, akupatseni mphamvu pa masitepe amenewo. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Sia ndi kwa Aiah, muwauze kuti azakhali awo aang'ono sanawaiwale. Kwa Komba moni wanga musapereke kaye, ayambe wamva wa mkulu wake.

Ndine mng'ono wanu,
Yei