Uthenga Umene Ndinawawerengera Amayi Ako

Chilomoni, kwa Nthukwa
Blantyre

Wokondedwa mwana wanga Mirriam,

Muli bwanji kumeneko ku Kepi, iwe ndi amuna ako a Willard? Nanga kamdzukulu kanga Alinane kayamba kuyenda? Ine ndilipo. Mawondo okha ndi amene ali pa sitalaka, koma mano atatu otsala aja akugwirabe ntchito mosinthana.

Kalatayi ndapatsira a Ramsey oyendetsa thiraki chifukwa foni yanga sukuyankha. Akwana masabata asanu ndi limodzi chiikireni amayi ako m'manda. Ndikudziwa zimene amayi ako aang'ono anakuuza, zoti ndinawanamiza malemuwo kuti ukubwera, ndipo anatisiya akudikira basi yako. Sanakunamize ayi, koma anakuuza theka. Werenga mpaka pansi, ukatero ukolezere mbaula.

Nditasiya utelala manja ankandiyabwa. Ndiye a Laurenti, aja ankaphikira azungu ku Namiwawa, anandiphunzitsa kufulula vinyo wa maapozi, iwo amati saida. Maapozi ophwanyika a mumsika wa Limbe ndimawasinja mumtondo, kusefa pakansalu, kuthira shuga ndi yisiti m'chigubu, kukamwa kwake n'kumangako chibaluni.

Amayi ako, a Mvano enieni, analumbira kuti sadzalawa. Koma maso awo atafa ndi matenda a shuga, ndi iwo amene anasanduka kapitawo. M'mawa uliwonse ankapapasa chibalunicho. Chikafufuma ankati mwana wakhuta, chikafota ankandilamula kuthira m'mabotolo. Tsiku lina botolo linaphulika kunsi kwa bedi azimayi a Mvano ali pakati pa pemphero. Mayi wina anathawa n'kusiya nsapato imodzi. Mpaka lero sanabwere kudzaitenga.

Masana tinkakhala pakhonde, ine n'kumawawerengera. Nyuzipepala, Baibulo, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala. Sitandade sikisi yanga ija inapeza ntchito kuukalamba. Koma iwe umandidziwa, sindinkatha ndime osathirako mchere. Pa ana a Yakobo ndinaikapo a Laurenti. Amayi ako ankandigwira nthawi zonse. Ankangoti ndibwerere pamene pathera zoona, kwinaku akuseka mpaka kutsokomola.

Kenako unabwera uthenga wako wa mu Okutobala, uja unati mapepala ako sanatuluke, ukadutsa malire sudzalowanso, chaka chino subwera. Tsiku limenelo tinali titangochokera kuchipatala, kumene adokotala ananditengera pambali n'kundiuza kuti impso zawo zatopa. Amayi ako anamva foni ikulira, anati ndiwerenge. Ndinayang'ana mawu ako, ndinayang'ana nkhope yawo. Pakamwa panga panatuluka zakuti ukubwera pa 20 Disembala, basi ya m'mawa, pamodzi ndi mwana.

Ndinadikira kuti andigwire. Sanandigwire. Anangoti ndichape makatani.

Anauza aliyense, a Mvano, amayi ako aang'ono, ngakhale wogulitsa makala. Bodza linandikulira, ndinkalidyetsa tsiku ndi tsiku. Lero ndiwauze kuti wawagulira juzi, mawa kuti Alinane wamera dzino. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala ndikuwanamiza zoseketsa, koma ili lokha sindinaliseke.

Atawagoneka kuchipatala, Lachiwiri lomaliza nthawi yoona odwala masana, anandigwira dzanja n'kunena kuti ndiwawerengerenso uthenga wa Mirriam. Ndikutulutsa foni, anandikoka malaya kuti ndiwerame.

"Muwerenge wanu uja, abambo a Mirriam. Weniweniwo anandiwerengera kale Mayi Safiya, tsiku lomwe lija inu muli kubafa. Ine ndikufuna wanuwo."

Mwanawe, ndinawerenga. Basi inafika pa Wenela, iwe unatsika ndi chikwama chofiira, Alinane ali kumsana, mvula ikuwaza pang'ono. Anandifunsa ngati wanenepa, ndinati kwambiri, mpaka kondakitala anakulipiritsa mipando iwiri. Anaseka. Ndinawerengabe mpaka anesi ananditulutsa. Lachinayi anapita.

Maliro atatha ndinakawafunsa Mayi Safiya, aneba athu a kuseri aja. Anavomera. Akuti amayi ako atamva uthenga wako anangoti mwana wachita bwino, asataye ntchito ndi banja chifukwa cha nkhalamba. Kenako anawalumbiritsa kuti asandiuze, poti mkulu uja akasowa bodza lolera agwa msanga kuposa iwo.

Choncho amayi ako sanafe akukudikira. Ankadziwa zonse, ndipo sanakusungire kanthu kumtima. Wopusitsidwa m'nyumba muno ndinali ine, katswiri.

Komabe ndinalakwa. Ndikanakuuza iwe kuti masiku awo atha, ukanalankhula nawo mosiyana. Ndinkaopa kuti mukalankhulana zenizeni bodza langa liululika, ndiye ukaimba foni ndinkati agona. Limenelo ndi tchimo langa, ndipo silikuseketsa.

Sindikupempha kuti ubwere. Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi ndidzaimba. Ukafuna usalankhule, ungoyankha n'kuika foni patebulo, ndimveko mbale zikugundana. Ukafuna unditukwane, khutu lakumanzere likumvabe bwino. Ndaika mmodzi m'manda, Mirriam. Kutaya awiri chaka chimodzi sindingathe.

Undiperekere moni kwa a Willard, ndipo Alinane umupsompsone pachipumi. Ambuye akusungeni nonse kudziko la eni.

Ndine bambo ako,
Feston Namakhwa