Mpata wa Masekondi Khumi

Lolemba, 8 Juni 2020

A Percy achotsedwa ntchito ya m'ndege. Tsopano akumakhala pabalaza tsiku lonse, atavala kabudula, miyendo ili patebulo. Nyumba ya ku Silicon Oasis kunoyi ndi yaing'ono, ndipo ine sindingakhale pampando umodzi ndi mkamwini ngati mnzanga wa kusukulu. Emmie akuti zothawana ndi apongozi zinatha, kuno ndi ku Dubai. Ndamuuza mwana wangayo kuti Dubai ndi wake, ine ndinangobwera kudzaonetsa maso kwa dokotala, mliri n'kunditsekera ndege. Ndasamutsira mpando wanga kuchipinda chimene iye amagwiriramo ntchito.

Lachiwiri, 9 Juni

Zaka zonsezi ndimauza anthu ku Dedza kuti Emmie amagwira ntchito ya za m'nyanja. Lero ndaiona ntchitoyo.

Kutali uko kuli sitima yofufuza mafuta. Imakoka mfuti za mpweya zimene zimaphulika m'madzi, ndipo phokosolo likagunda miyala ya pansi n'kubwerera, amadziwa zomwe zili m'nthaka. Imakokanso maikolofoni. Emmie amamvetsera. Akamva namgumi pafupi ayenera kuimba foni kuti mfuti zileke. Kale ankakwera sitimayo, koma chifukwa cha korona akumvetsera ali pompano, pa laputopu.

Anandiveka mahedifoni. Dii, ngati munthu wamenyetsa chitseko chachitsulo m'mutu mwanga. Ndinawerenga: masekondi khumi, dii. Khumi, dii. Kasanu ndi kamodzi pa mphindi, 360 pa ola, usana ndi usiku. Ndaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, koma samu yonyansa chonchi sindinaiwerengepo.

Lachitatu, 10 Juni

Mutu. Ngakhale potsuka makapu ndikumapezeka ndikuwerenga mpaka khumi.

Lachinayi, 11 Juni

Emmie makutu atupa ndi mahedifoni, ndiye lero watsegula sipika. Chamasana, pakati pa kuphulika kuwiri, panamveka kubuula ngati ng'ombe ili kuseri kwa phiri. Kenaka kamawu kena kakang'ono, kapatali. Anamgumi awiri. Akuti m'madzi akuya maso sathandiza, amapezana ndi mawu, ngakhale atatalikirana ngati Dedza ndi Lilongwe.

Chimene chandinyansa ndi ichi. Wamkuluyo amadikira kuti phokoso lizilale, n'kuyamba kuitana mwachangu, koma asanamalize, dii. Amayambiranso. Ngati kupereka uthenga wa maliro pachigayo.

Ndinafunsa chifukwa chake sakuimba foni. Akuti lamulo likunena za amene ali pafupi, awa ali kutali. Ndinafunsa amene amaweruza za kutaliko. Akuti ndi iyeyo, poona mizere pa laputopu ndi kukula kwa mawu. Atatero anachepetsa sipika. Ndinamuona.

Lachisanu, 12 Juni

Makoma a kuno ndi mapepala. Bwana wa Emmie anaimba m'mawa. Akuti mwezi watha Emmie anaimitsa sitima katatu pamene anzake osinthana nawo sanaimitsepo, ndipo kontilakiti yake ikutha pa 30. A Percy amvekere viza ya tonse ili pa iwe tsopano, ukachotsedwa tilowera kuti, ndege kulibe. Kenaka: "Khalas, basi, Emmie, ndi nsomba chabe."

Namgumi si nsomba, amayamwitsa. Mwana wa Sitandade 6 amadziwa. Ndinafuna kuwakonza, koma sindingakalipire mkamwini kudzera pakhoma.

Za vizazo sakunama. Ndiye chondinyansa kwambiri n'chimenecho. Mpunga umene ndadya madzulo ano, ndi mankhwala a m'maso omwe, zonse wagula ndi dii yemweyo.

Loweruka, 13 Juni

Lero namgumi amene akuitana ndi mmodzi. Pa nthawi yonse imene Emmie anali pa ntchito waitana ka 41. Kuyankhidwa: 0. Lachinayi ankayankhidwa pafupifupi nthawi iliyonse. Emmie akuti mwina mnzakeyo wathawa phokoso, mwina alipo koma sakumvana. Palibe angadziwe.

Mawu akula. Ngakhale makutu anga okalambawa akumva kuti akubwera chakuno, akusaka mnzake komwe kuli mfutiko. Foni inali pambali pa dzanja la Emmie, iye maso ali pakhoma. Ndinati wayandikira. Anati, "Amayi, mukufuna ndizikudyetsani chiyani?"

Ndinanyamuka kuti ndituluke. Pabalaza a Percy, kukhitchini kudutsira pabalaza pomwepo. Ndinakakhala kubafa, pamphepete pa bafalo, nkhalamba yonse ine, mpaka ntchito yake itatha. 

Lamlungu, 14 Juni

A Percy amasiya tiyi wanga pakhomo n'kugogoda, ndiye mgwirizano wathu. Lero atagogoda namgumi anabuula mpaka sipika inanjenjemera patebulo. Dii anamudula. A Percy anakankha chitseko, kapu ili m'manja, nafunsa Emmie kuti chimenecho chikuitana ndani. 

Ndinayankha ine, maso anga ali pansi. "Anali awiri, bambo. Chiyambire dzulo sakuyankhidwa."

Chikwatire mwana wanga sindinawalankhulepo mawu ochuluka chonchi. Anaima pakhomopo, mfuti zinaphulika katatu. Emmie anatenga foni. A Percy anati Emmie, taganiza kaye. Iye anali ataimba kale. Analankhula Chingerezi chachifupi: namgumi ali pafupi, lekani. Mwamuna wa kusitimako anakweza mawu, ndinamva akutchula dzina la bwana wake ndi tsiku la 30. Emmie anabwereza mawu omwewo n'kudula.

Dii wina. Ndinawerenga mumtima monga mwa masiku onsewa. Zisanu ndi zinayi, khumi. Ndinakunga mapewa. Khumi ndi chimodzi. Khumi ndi ziwiri.

Pa 47 namgumi anayamba. Anabuula pansipansi nthawi yaitali, kenaka mawu anakwera m'mwamba, n'kutsikanso pang'onopang'ono mpaka kutha okha. Sindinkadziwa kuti kuitanako kuli ndi mapeto otere. Chiyambire Lachinayi ndakhala ndikumva chiyambi chake chokha.

Foni ya Emmie yayamba kulira, ndi bwana wake, waitembenuza chafufumimba. A Percy akhala pamphepete pa bedi, pafupi ndi mpando wanga, tiyi wanga akadali m'manja mwawo. Sindinatuluke. Yankho la namgumi winayo silinamveke. Ndikuwerengabe, ndili pa 212.