Chipepeso cha Gemu ya Wanangwa

South Bend, 16 Novembala 2006

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumudziko. Kuno tilipo, kungoti chisanu chayamba.

Gemu ya pakompyuta ija msuweni wanga Wanangwa wakhala akupanga kwa zaka zinayi ku Indianapolis yafera m'mazira. Anaiyambiranso katatu mabwana ake akukangana, mapeto ake kampani yangoti basi, siidzatuluka. Zaka zonsezo, Amalawi tikakumana mpando wakutsogolo unali wake, ine wosambitsa nkhalamba ndikuima kukhomo.

Ndimayesa tsopano tafanana. Ayi ndithu! Loweruka anthu anadzaza magalimoto kukamupepesa ngati pagwa maliro, azimayi atasenza mapoto, abusa ali patsogolo. Kulira chinthu choti palibe anachisewerapo! Ine nditavulala msana ponyamula odwala, anandiimbira foni ndi munthu mmodzi yekha, naye ankafunsa ngati ndingamugwirire shifiti.

Theresa, mtsikana ndinakuuzani uja, nayenso anapita. Anzake onse anabwerako tsiku lomwelo. Lero ndi Lachinayi, iye akuti akupepesabe.

Mawu a ukwati aja ndinakutumani kwa amalume ake a Theresa, yambani mwasunga.

Ndine mwana wanu,
Sosten